Mawu a m'mawa: "Nanga idzandidyetsa, amalume?"

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye, inu a kuno ku Lusaka ndi inu amene mukuwerenga muli kumudzi. Kunja kukadali kachisisira, madzi a tiyi ali pambaula, ndipo kumsewu makondakitala ayamba kale kuitanira a mu tauni. Tisanabalalike, tiyeni timve Deuteronomo 6:6-7.

"Ndipo mawu awa ndikuuzani lero azikhala pamtima panu, ndipo muziwaphunzitsa mwachangu kwa ana anu, ndi kuwalankhula awa pokhala pansi m'nyumba zanu, ndi poyenda inu panjira, ndi pogona inu pansi, ndi pouka inu."

Lero ndabwera ndi mlandu, ndipo woimbidwa mlanduyo ndine ndemwe.

Ndimasunga mphwanga, mwana wa mlongo wanga wa ku Katete. Atakhoza mayeso a Giredi 9 ndinamuitana kuti adzapitirize sukulu kuno, poti kwathu mwana wa mlongo wako ndi katundu wako, sungamuloze chala n'kunena kuti ali ndi atate ake. Ndi mnyamata wofatsa, wosayankha akulu, ndipo Loweruka amabwera pashopu yanga ya ukalipentala ku Kalingalinga kudzandigwirira thabwa. Tsiku lina, chapakati pa temu yachiwiri ya Giredi 10, anafika masana ali mu yunifomu, pepala lili m'manja. Ine ndinali kupala chitseko cha mukwa, utuchi uli mbuu kumaso. Anaima kaye poteropo mpaka nditaweramuka.

"Amalume, akuti musaine apa."

"Ndi za chiyani?"

"Ndifuna kusamuka kalasi. Ndisiye RE, nditenge akaunti."

RE, kapena kuti Religious Education, ndi phunziro la chipembedzo la kusukulu. Ndinaika puleni pansi. Abale, mawu amene anatuluka pakamwa panga sindingawabwereze onse m'mawa uno. Ndinamufunsa ngati waiwala kuti amagona m'nyumba ya mkulu wa mpingo. Ndinamufunsa kuti anthu a ku tchalitchi akamva adzati chiyani. Ndinafika mpaka ponena kuti Lusaka wamuwononga, kuti amayi ake anandipatsa mwana wopemphera ndipo ine ndikawabwezera chidakwa. Iye ali duu, maso pansi, chala chikukanda m'mphepete mwa benchi. Nditatopa, anayankha motsitsa mawu.

"Amalume, temu yatha ndinakupatsani ripoti. Munayang'ana masamu, munayang'ana sayansi, munayang'ana Chingelezi, n'kundibwezera. RE ndinakhoza kuposa zonse, simunafikepo. Ndiye paja munauza mnyamata uja wopenta kuti chinthu chosabweretsa ndalama chisamutayitse nthawi. Nanga RE idzandidyetsa, amalume?"

Panalibe mwano m'mawu akewo, ndipo n'chimene chinandipweteka kwambiri. Ankangondibwezera chenji cha ndalama yanga yomwe. Make mbuu, mwana mbuu.

Timakonda kunena kuti ana a masiku ano athawa Mulungu. Mwina ena atero. Koma mukakhala nawo pansi n'kuwafunsa bwinobwino chifukwa chimene amasiyira phunziro la chipembedzo, mupeza kuti ambiri sanakangane ndi Mulungu ayi. Akungowerengera, ndipo kawerengedweko anakaphunzira kwa ife. Mwana wa sekondale amadziwa kuti pa Giredi 12 anthu amaphatikiza maphunziro 6 amene wakhoza koposa, kuti nambala ikachepa m'pamene zakoma, ndi kuti amene watenga mapointi 6 amatchuka komboni yonse. Amadziwa kuti pofuna malo ku yunivesite ya UNZA kapena ku koleji ya unamwino choyamba kufunsidwa ndi Chingelezi, ndipo m'makosi ambiri masamu ndi sayansi. Sanaonepo chikalata cha ntchito chonena kuti tikufuna munthu wokhoza RE. Ndiye akaona kuti mabuku achuluka, magetsi athima, kandulo yatsala kachidutswa, amadzifunsa kuti pa katundu yenseyu ndi uti amene ndingatule pansi popanda wondikalipira. Amatula amene akuona kuti ngakhale akuluakulu sawerengera.

Taonani ndalama za tyushoni. Kholo liti muno limene linalipirapo mphunzitsi kuti mwana akaphunzire RE Loweruka? Masamu timalipira, ngakhale titakongola kuchilimba. Physics timalipira. Mwana amaona kumene kwacha ikupita, ndipo amadziwa kuti kumeneko n'kumene kuli mtima wa makolo ake. Ambuye Yesu ananeneratu pa Mateyu 6:21 kuti kumene kuli chuma chako, mtima wakonso udzakhala komweko.

Penanso mwana sasankha n'komwe. M'masukulu ambiri, akamalowa Giredi 10 amangogawidwa m'makalasi malinga ndi mmene anakhozera. Okhoza kwambiri amawaika ku kalasi ya ma pure, ndiye kuti ya sayansi yozama, ena ku kalasi ya zamalonda, ndipo RE kawirikawiri imagwera m'makalasi amene ana okha amawatcha a otsalira. Pa ndandanda ya maphunziro imaikidwa nthawi imodzi ndi phunziro lina, moti ukatenga ili wataya ilo. Zikatero manyazi amalowapo. Mphwanga anandiuza pambuyo pake kuti anzake a ku sayansi ankamupatsa moni woti "abusa, mwaswera bwanji," ena n'kumamupempha kuti awapempherere bolopeni. Ife akulu tikhoza kuseka, koma mwana wa zaka 16 amalolera kugona ndi njala kusiyana ndi kusekedwa pagulu.

Palinso ena amene amailowa poganiza kuti ndi Sande sukulu ya mkati mwa sabata. Amati Baibulo ndinakulira momwemo, ndidzakhoza ndili mtulo. Akafika amapeza kuti nkhani ndi ina. Kuno ku Zambia phunziroli ku sekondale yapamwamba lili pawiri, pali silabasi ya nambala 2044 ndi ya nambala 2046, ndipo zonse mayeso ake amakonzedwa ndi Examinations Council of Zambia. Ya 2046 imatsata kwambiri Baibulo, moyo wa Yesu kuyambira kubadwa kwake ndi kwa Yohane Mbatizi, kenaka mmene Mkhristu ayenera kuonera ntchito, ndalama, boma ndi banja. Ya 2044 imayambira pa moyo wa munthu, kusintha kwa dziko, chilungamo, chimwemwe, ukwati, n'kumafunsa kuti Malemba ndi miyambo zikutipo chiyani. Konseko mwana amayenera kusunga ndime m'mutu mwadongosolo, kufotokoza tanthauzo lake, ndi kuyerekeza chikhulupiriro cha Akhristu ndi cha Asilamu, cha Ahindu ndi cha makolo athu. Wobwera ndi mtima woti ndidzangolalikira papepala amagwa chagada pa mayeso oyamba, n'kuyamba kunena kuti phunziroli ndi lotopetsa. Ndipo nthawi zina limatopetsadi. Chiyambire maphunziro aulere mu 2022 makalasi anadzaza mpaka pakhomo, zimene n'zoyamika poti ana ambiri abwerera kusukulu, koma mphunzitsi mmodzi pakati pa khamu lotere amangotsala ndi choko ndi bolodi. Ana amakopera manotsi mpaka dzanja kuuma. Nkhani ya Msamariya wachifundo, imene inayenera kuutsa mkangano wokoma m'kalasi, imasanduka mfundo zisanu zoloweza.

Ndisaiwale makolo ena amene amauza mwana okha kuti asiye, ati chifukwa akumuphunzitsa za milungu ina. Amenewa ndimasiyana nawo maganizo. Mwana wathu adzagula nsalu ku Kamwala kwa Mhindu, adzakwera basi limodzi ndi Msilamu, ndipo akapita kumudzi adzapeza ambuye ake akukamba za mizimu. Kudziwa chimene mnansi wako amakhulupirira sikukuchotsera chako. Paulo ataima pa Areopagi ku Atene, pa Machitidwe 17, anayamba ndi guwa la anthu a komweko ndipo anatchula mawu a alakatuli awo. Akanapanda kuwadziwa, akanayambira pati?

Tsopano funso limene linandisowetsa tulo usiku umenewo ndi ili: n'chifukwa chiyani ndinakwiya chotero? Nditadzifufuza ndinapeza kuti mkwiyo wanga unali mantha. Ndinkadziwa pansi pa mtima kuti mwanayu akasiya RE, palibenso malo ena amene adzatsegule Baibulo pakati pa Lolemba ndi Loweruka. M'nyumba mwanga, nyumba ya mkulu wa mpingo, tinkapempherera nsima basi, pemphero lake lomwe lija la mizere itatu limene ngakhale mwana wa zaka zinayi amalimaliza asanaganize. Baibulo linkakhala pamwamba pa kabati, pansi pa kansalu koluka, kudikira Lamulungu. Ntchito imene Mulungu anandipatsa ine ndinali nditaitula kwa mphunzitsi amene sindikumudziwa ngakhale nkhope.

Chizolowezi chimenechi chili ndi kumene chinachokera. Kwathu kum'mawa sukulu inabwera ndi amishoni. A Dutch Reformed atafika pa Magwero pafupi ndi Chipata mu 1899, kumene kunayambira mpingo umene lero timautcha Reformed Church in Zambia, kuphunzira kuwerenga ndi kuphunzira Mawu zinkayendera limodzi. M'midzi yambiri nyumba imodzi yomweyo inali sukulu mkati mwa sabata ndi tchalitchi Lamulungu, ndipo mphunzitsi ndiye analinso mlaliki. Agogo athu ankaphunzira a, e, i, o, u kuti akathe kudziwerengera Uthenga Wabwino. Motero zinakhazikika m'mitu mwathu kuti ukatumiza mwana kusukulu wamutumizanso kwa Mulungu. Kenaka pa 29 December 1991 a Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, ndipo mawuwo analowa m'chiyambi cha malamulo a dziko mu 1996. Ambiri tinaomba m'manja, n'kugona tulo tofa nato, ngati kuti chilengezo chingathe kugwada pambali pa bedi la mwana n'kumuphunzitsa kupemphera.

Koma bwererani ku ndime yathu ija. Mose sakulankhula ndi aphunzitsi kapena a unduna wa maphunziro. Akuti ana anu. Ndipo taonani malo amene watchula: pokhala pansi m'nyumba, poyenda panjira, pogona, pouka. Palibe belu, palibe yunifomu, palibe mayeso a kumapeto kwa temu. Ndi nthawi zija zimene timaziona ngati zopanda ntchito, pamene mukusenda mbatata, pamene mukuyenda wapansi kuchoka pa siteshoni kupita kunyumba, pamene mukudikira madzi kuti awire. Ndiponso asanatchule ana, wayamba ndi ife: mawu awa azikhala pamtima panu. Mtsuko wopanda madzi sungamwetse munthu.

Ganizirani za Danieli. Anatengedwa ali mnyamata kupita ku Babulo, n'kulowetsedwa sukulu ya mfumu zaka 3, kuphunzira mabuku ndi chinenero cha Akasidi. Pa ndandanda ya sukulu imeneyo panalibe phunziro la Yehova. Anamusintha ndi dzina lomwe, n'kumutcha Belitesazara. Koma anakana kudzidetsa ndi chakudya cha mfumu, ndipo atakalamba timamupeza pa Danieli 6:10 akugwada katatu pa tsiku, mazenera otsegukira ku Yerusalemu, monga ankachitira kale. Chizolowezi chimenecho sanachitole ku Babulo. Anachoka nacho kwawo, ndipo amene anamuphunzitsa Baibulo silinatiuze ngakhale maina awo.

Mbali inayo nayonso ilipo, ndipo imandiopsa koposa. Pa Mateyu 2, anzeru a kum'mawa atafika ku Yerusalemu, Herode anasonkhanitsa ansembe aakulu ndi alembi n'kuwafunsa kumene Khristu adzabadwire. Anayankha osazengereza kuti ku Betelehemu wa Yudeya, n'kutchula ndi mawu a mneneri Mika omwe. Akanakhala mayeso, onse akanatenga 1, kukhoza kopambana konse. Betelehemu ali pamtunda wosapitirira makilomita 10 kuchokera ku Yerusalemu, ngati kuchoka mu tauni kupita cha ku Mtendere. Koma sitiwerenga kuti mmodzi mwa iwo anamanga nsapato kukaona. Amene anapita ndi alendo aja opanda manotsi. Tili nawo ana otere, ndipo tili nawo akulu otere m'mipando yakutsogolo. Ena amatenga RE chifukwa amva kuti imathandiza kutsitsa mapointi, amaloweza, amakhoza, ndipo tsiku lomaliza mayeso bukulo limasanduka loyatsira mbaula.

Musandimve molakwa. Ine ndikanakonda mwana aliyense amene angathe aitenge RE ndi kuigwira ndi manja awiri. Imawerengedwa pa maphunziro 6 aja ngati lina lililonse. Imaphunzitsa mwana kuwerenga ndime n'kuifukula, kutsutsa mwaulemu, kulemba maganizo ake momveka, zimene loya, mphunzitsi ndi mtolankhani amadyera. Namwino amene adzakhale pambali pa wodwala amene madokotala amulephera adzafuna mawu amene mu biology mulibe. Wowerengera ndalama za kampani, tsiku limene bwana adzamuuze kuti sintha nambala iyi, adzafuna china choposa kudziwa kuphatikiza. Ndipo inu aphunzitsi a RE amene muli pagulu lino, tikudziwa kuti mumagwira ntchito imene anthu saiyamika. Ambuye akulimbitseni, ndipo pepani chifukwa ife makolo takhala tikukusenzetsani ndi mtolo wathu womwe.

Koma mwana akabwera ndi pepala lija, tisathamangire kumuweruza ngati wapandukira chikhulupiriro. Kusiya phunziro si tchimo, ndipo kulitenga si ubatizo. Mufunseni kaye. Mwina wasekedwa. Mwina ndandanda yamupanikiza. Mwina ali ndi funso lenileni lokhudza Mulungu limene anafunsa m'kalasi n'kuuzidwa kuti limenelo silibwera pa mayeso. Mwinanso, ngati mphwanga, wangomvera bwino ulaliki umene timalalikira ndi zochita zathu kuyambira Lolemba.

Pepala lija linakhala masiku atatu m'thumba la ovolosi yanga. Tsiku lachinayi ndinapita kukaonana ndi mphunzitsi wa kalasi yake, mayi wodekha amene anandilandira bwino ngakhale ndinafika ndi utuchi m'tsitsi. Anandiuza kuti mnyamatayo manambala amawakonda ndithu, ndipo ku akaunti akhoza kuchita bwino. Ndinasaina. Pobwerera, tili pa mpando wakumbuyo m'minibasi, mawondo atatsamira mpando wakutsogolo, ndinamuuza kuti, "Mphwanga, ndinakulakwira. Ripoti lija ndinaliwerenga ndi diso limodzi." Anandiyang'ana ngati waona chachilendo. Kwathu malume sapepesa kwa mphwake kawirikawiri. Ndinapitiriza kuti, "RE wasiya kusukulu, koma kunyumba ikuyamba mawa. Mphunzitsi wake ndine, ndipo ndine mbuli, undipirire."

Kuyambira pamenepo timadzuka mphindi 15 msanga. Azakhali ake, ndiye kuti mayi a kunyumba kwanga, amakoleza mbaula, ine ndimatsitsa Baibulo pakabati, ndipo timawerenga Luka kachigawo kamodzi tiyi asanapse. Sindinama, masiku ena timalephera. Tsiku lina ndinagona mochedwa pomaliza mabenchi a oda, ndipo ndi iye amene anagogoda pachitseko n'kunena kuti, "Amalume, belu lalira." Masiku ena amawerenga akuyasamula, ine n'kumayang'ana nthawi pafoni. Koma tayenda, ndipo zimene ndapeza n'zakuti zaka zonsezi ndakhala ndikuima kutsogolo kwa mpingo ndisanawerengepo Uthenga umodzi kuchokera poyamba mpaka pomaliza. Ndinkangodumphadumpha m'mavesi amene ndinawazolowera.

Dzulo tinafika pa Luka 16, fanizo la kapitao wosakhulupirika. Mukulikumbuka. Munthu uja atamva kuti ntchito yatha, anaitana amangawa a bwana wake mmodzimmodzi. Wa mitsuko 100 ya mafuta anamuuza kuti khala pansi msanga, lemba 50. Wa miyeso 100 ya tirigu anamuuza kuti lemba 80. Mphwanga anaima pamenepo, chala chili pa vesi, n'kuseka.

"Amalume, uyutu ku akaunti timati waba. Wasintha mabuku. Akanakhala kuno akanagona m'selo."

"Wabadi," ndinatero.

"Nanga bwanji vesi 8 ikuti bwana wake anamutama kuti wachita mwanzeru? Ndiye Yesu akutiuza kuti titengerepo chiyani?"

Ndinatsegula pakamwa, n'kupeza kuti mulibe kanthu. Ndinayesa kunena kuti chimene anatamidwa nacho ndi kuona patali, osati kubako, koma iye anandipanikiza ndi vesi 9 yonena za kudzipezera abwenzi ndi chuma chosalungama, ndipo apo ndinagonja. Azakhali ake anaseka mpaka kutaya tiyi pambaula. Anati zaka zonsezi sanaonepo mkulu wa mpingo atasowa chonena.

Ndiye lero ndikaweruka ndidutsira kwa abusa ndi funso limeneli, ndipo mnyamatayo wati anditsatira akachoka kusukulu, ati akufuna akamve yekha, ndingakasinthe mabuku pobwera. Ngati pagulu pano pali amene analimvetsa bwino fanizoli, tithandizeni madzulo asanafike. Panopa wanyamula kale chikwama, akundidikira pageti ndi ndalama ya basi imene sindinamupatse.

Ambuye, tiyendetseni bwino lero, ife ndi ana athu. Amen.